N'chifukwa chiyani Georg anamvera chiweruzo cha bambo ake?

Usiku wa pa 22 Sepitembala 1912, Franz Kafka, mnyamata wa zaka 29 wogwira ntchito ku ofesi ya inshuwalansi mumzinda wa Prague, anakhala pa tebulo nthawi ya 10 koloko n'kulemba mpaka 6 koloko m'mawa. Kunja kukucha anali atamaliza nkhani yaifupi yotchedwa Das Urteil, kutanthauza Chiweruzo. M'buku lake la zochitika tsiku ndi tsiku analembamo kuti usikuwo maganizo a Freud ankamubwerera m'mutu. N'chifukwa chake ife ophunzitsa zolembalemba timakonda kuyambira pa nkhani imeneyi tikafuna kuonetsa mmene nzeru za Sigmund Freud, dokotala wa ku Vienna amene ankafufuza zobisika mumtima wa munthu, zimathandizira powerenga.

M'nkhaniyi, Georg Bendemann ndi wamalonda wachinyamata amene zinthu zikumuyendera. Mayi ake anamwalira zaka ziwiri zapitazo, ndipo kuchokera pamenepo bizinesi ya banja ili m'manja mwake: antchito awonjezeka kawiri, malonda akwera kasanu. Watomera mtsikana wa ku banja lopata, Frieda Brandenfeld. Lamlungu lina m'mawa akulemba kalata yodziwitsa mnzake amene ali ku St Petersburg, ku Russia, za chitomerocho, kenako akulowa kuchipinda kwa bambo ake kukawauza.

Apa m'pofunika kuwerenga mofatsa. Chipindacho n'chamdima, ndipo Georg watha miyezi osapondamo, chonsecho amakhala nyumba imodzi. Chakudya cham'mawa chili pa tebulo, chongolawidwa. Bambowo akufunsa funso lodabwitsa: kodi mnzakoyo alikodi ku St Petersburg? Georg sakuyankha molunjika. Akuyamba kudandaula za thanzi lawo, akuwavula zovala, akuona kuti zam'kati n'zakuda ndipo akudziimba mlandu wowanyalanyaza. Akuwanyamula m'manja kupita nawo pabedi, iwo akuseweretsa tcheni cha wotchi chimene chili pachifuwa pake. Akuwafunditsa bulangete. Kawiri konse nkhalambayo ikufunsa ngati yafunda bwino, mwanayo n'kuitsimikizira kuti inde. Mwadzidzidzi ikutaya bulangete lija, kuimirira pabedi, dzanja limodzi likukhudza denga, n'kumuuza kuti ikudziwa kuti amafuna kuikwirira koma mphamvu ikadali nazo. Ikumunena kuti wanyoza malemu mayi ake chifukwa cha mkazi, wapereka mnzake, ndipo pomaliza ikumuweruza kuti akafe pomira m'madzi. Georg akutsika masitepe chothamanga, akufika pa mlatho, akunena chapansipansi kuti makolo ake wakhala akuwakonda nthawi zonse, n'kudziponya mumtsinje.

Wowerenga aliyense amafunsa kuti wamveranji? Bambowo ndi okalamba, opanda mano, alibe bwalo lamilandu kapena apolisi. Georg akutuluka akumva iwo akugwera pabedi. Palibe womukankha. Funso limeneli ndiye pakhomo polowera nzeru za Freud, chifukwa zimayambira pamene chochita cha munthu chakula kuposa chifukwa chimene chikuoneka.

Freud ankaphunzitsa kuti chikhumbo chimene munthu sangachivomereze amachikankhira pansi, koma sichifa. Chimabweranso chitasintha nkhope, nthawi zina chitavala chovala cha ubwino wopitirira muyezo. Taonani chisamaliro cha Georg. Munthu amene watha miyezi osalowa m'chipindamo, lero m'mphindi zochepa akufuna kuitana dokotala, kusinthana nawo zipinda, kuwagoneka masanasana. Chilichonse chimene akuchita chikusandutsa bambo kukhala khanda, munthu wosawerengedwanso pa zochitika za pakhomo. Umboni ulipo patsamba lomwelo: bambowo ataimirira pabedi, ganizo likumudutsa Georg m'mutu loti bwenzi atangogwa n'kuphwanyika. Sindikunena kuti chikondi chake n'chabodza. Amawakondadi, komanso akufuna achoke panjira, ndipo ziwirizi zikukhala mumtima umodzi popanda china kufafaniza chinzake.

M'buku lake la maloto la 1900, Freud anagwiritsa ntchito nthano yachigiriki ya Oedipus, amene mosadziwa anapha bambo ake n'kukwatira mayi ake, pofotokoza mkangano umenewu: mwana wamwamuna amalemekeza bambo ake koma amakhumbiranso malo awo. Georg watenga kale malo a bambo ake mu bizinesi, tsopano akufuna kukhala mwini banja. Nanga mnzake wa ku Russia uja? Ndi mbeta yachimuna, wodwaladwala, malonda ake alowa pansi, kwawo sanabwereko zaka zoposa zitatu. Koma bambowo akuti ameneyo ndiye akanakhala mwana wa pamtima pawo. Kafka mwini analemba mu Febuluwale 1913 kuti mnzakeyo ndiye chingwe chomanga bambo ndi mwana. Ine ndimamuona ngati Georg amene akanakhalapo akanapanda kupikisana ndi kholo lake: wolephera, wosakwatira, wosaopsa, choncho wokondedwa. N'chifukwa chake kalata yonena za ukwati inamulemera kulemba.

Yankho la funso lathu lili m'zimene Freud anadzalemba nkhaniyi itatuluka kale. Mu 1916 anafotokoza za anthu amene amadwala kapena kudziwonongera zinthu pa nthawi yeniyeni imene apeza chimene ankachilakalaka, chifukwa chikumbumtima chawo chimawauza kuti sakuyenera. Mu 1923 anawonjezera kuti mawu a kholo, mwana akamakula, amalowa m'kati n'kusanduka woweruza wosagona, amene nthawi zambiri amakhala wankhanza kuposa kholo lenilenilo. Georg akumvera chifukwa chiweruzocho chinali kale mwa iye, bambowo angochitchula mokweza. Kwathu kuno timadziwa mmene temberero la kholo limaopedwera ngakhale kholo lili lofooka pamphasa. Mphamvu yake imadalira kuti mwanayo mumtima akuvomereza kuti ndi wolakwa. Mfundo imeneyi ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse, chifukwa anthu otere tili nawo: wina akangokwezedwa pantchito kapena ukwati ukayandikira, amayamba yekha kugumula zimene wamanga.

Pali msampha umene ndimawachenjeza ophunzira. Moyo wa Kafka umakopa kwambiri. Anakumana ndi Felice Bauer, mkazi amene anadzamutomera pambuyo pake, mu Ogasiti 1912, anamulembera kalata yoyamba masiku awiri asanalembe nkhaniyi, ndipo pamutu pa nkhaniyo analembapo kuti walembera iyeyo. Mu 1919 analembera bambo ake, Hermann Kafka, kalata yaitali yofotokoza mantha ake, imene sinawafike. M'menemo akukumbukira usiku wina ali mwana, akulirira madzi, bambowo atamunyamula n'kukamusiya pakhonde n'kutseka chitseko. Zonsezi n'zoona, koma Georg si Kafka. Wodwala amene ali pamaso pa dokotala amatha kuyankha, kukana, kukumbukira zina. Munthu wa m'nkhani alibe ubwana wina woposa umene walembedwa. Choncho chilichonse chimene tinganene za iye chiyenera kukhala ndi chiganizo chimene tingachiloze ndi chala. Tikumbukirenso kuti akatswiri ambiri a zamaganizo masiku ano amatsutsa mbali zambiri za chiphunzitso cha Freud, makamaka kunena kuti mkangano wa Oedipus uli chimodzimodzi kulikonse.

Kutsutsa kumeneku kukutikhudza ife mwachindunji. Bronisław Malinowski, katswiri wofufuza miyambo ya anthu amene anakhala pakati pa anthu a ku zilumba za Trobriand kufupi ndi New Guinea, anaonetsa m'buku lake la 1927 kuti kumene mtundu umatsata kuchikazi, mwana amamasuka ndi bambo ake, ndipo mantha ndi mkwiyo zimalunjika kwa malume. Ernest Jones, wotsatira wa Freud, ankati mkwiyowo ndi wa bambo womwewo, wangosamutsidwa. Pa mtsutso umenewu ine ndili kumbali ya Malinowski. Pakati pa Achewa ndi Ayao, mwini mbumba ndi malume. Ndiwo amakamba za ukwati, amaweruza za munda, ndipo ufumu umagwera mwana wa mlongo wawo. Mkamwini amalemekezedwa, koma pa ana ake mawu omaliza si ake. Ndiye ukamawerenga nkhani yaifupi yochitikira m'mudzi wa ku Dedza kapena ku Mangochi, kuthamangira kufufuza mkangano wa bambo ndi mwana kungakuphonyetse. Funsa kaye kuti mnyamatayo adzalowa m'malo mwa yani, ndipo ndani amene akakwiya iye amasowa tulo. Kumpoto, pakati pa Atumbuka ndi Angoni a ku Mzimba kumene amapereka lobola, yankho lingakhaledi bambo. M'nkhani za m'tauni, kumene bambo ndiye amalipira fizi koma malume amaitanidwabe pa chinkhoswe, mnyamata amakhala ndi oweruza awiri, ndipo kawirikawiri iwowo sagwirizana.