Kuthyoka kwa Kakolo: Mmene Zitsulo za Opaleshoni Zimagwirira Fupa

Pa kakolo pamakumana mafupa atatu: fupa lalikulu la msongolo, fupa lowonda la kunja kwa mwendo, ndi fupa la phazi lomwe limakhala pakati pa awiriwa ngati mpini m'khasu. Munthu akathyoka koma mafupawa osasuntha, chikhakha chimakwanira. Akasuntha, dokotala amalangiza opaleshoni, ndipo chifukwa chake n'chomveka: kafukufuku wa Ramsey ndi Hamilton wa mu 1976 anasonyeza kuti fupa la phazi likasendera pambali ndi milimita imodzi yokha, malo omwe mafupa amakhudzana amachepa ndi 42 peresenti. Thupi lonse limatsamira pa kamalo kochepa, ndipo m'kupita kwa zaka pamayamba nyamakazi.

Fupa la kunja likathyoka mopendekera, dokotala amalowetsa msomali wa mazinga wopanikiza zidutswa ziwirizo kuti zigwirane, kenako amayala kachitsulo kaphanthiphanthi m'mbali mwa fupa n'kukamanga ndi misomali ina. Msomali woyamba uja ndiwo umalumikiza, pamene kachitsuloko kamauteteza kuti usagonje mwendo ukapotoka. Kwa okalamba omwe mafupa awo anafewa, pali zitsulo zomwe mutu wa msomali umamangika m'chitsulo momwemo, kotero kuti kulimba kwake sikudalira fupa lokha. Mbali ya mkati ya kakolo ikathyoka, nthawi zambiri imagwidwa ndi misomali iwiri, chifukwa umodzi wokha ungalole chidutswa kuzungulira, ndipo chidutswacho chikachepa kwambiri amachimanga ndi waya.

Chomwe ambiri sachidziwa ndi minyewa yolumikiza mafupa awiri a mwendo pamwamba pa kakolo. Ikaduka, mafupawo amatalikirana ngakhale kwina konse kutamangidwa bwino, choncho dokotala amawagwirizanitsa ndi msomali wautali kapena chingwe cholimba chokhala ndi timabatani m'mapeto mwake. Ngati mwendo watupa kwambiri kapena pali bala lalikulu, amayamba ndi zitsulo zoonekera kunja mpaka khungu litakhala bwino.

Tikupempha odwala amvetse ichi: chitsulo sichipoletsa fupa, chimangoligwira kuti lisasunthe pamene thupi likudzilumikiza lokha, ntchito yomwe imatenga masabata osachepera 6. Chitsulo chopindidwapindidwa tsiku ndi tsiku fupa lisanagwirane chimatha kuthyoka. N'chifukwa chake tsiku loyamba kupondera mwendo liyenera kuchokera kwa dokotala amene anaona mmene fupalo linalili, osati kwa mnzanu amene anachira msanga. Kusuta fodya ndi matenda a shuga amachedwetsa kupola.

Gwiritsani ntchito ndodo zoyendera, ikani mwendo pamalo okwera mukamapuma, ndipo musajombe ku mafizo. Mukaona mafinya pa bala, thupi likatentha, zala zikachita dzanzi, kapena katumba akatupa n'kumapweteka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.