Zakumwa zofiira siziwonjezera magazi

Wodwala akangouzidwa ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central kuti magazi achepa, abale amathamangira kukagula zakumwa zofiira. Kumeneko n'kutaya ndalama: mtundu wa chakumwa susanduka magazi.

Chimene chimachepa ndi maselo ofiira, kapena himogulobini ya m'kati mwake, yomwe imanyamula okosijeni. Maselowa amapangidwa m'mafuta a m'mafupa. Akakhwima sakhala ndi nyukiliyasi (kachigawo ka pakati kolamulira ntchito za selo), motero sangadzikonze akawonongeka. Amakhala masiku pafupifupi 120, kenako kapamba amawachotsa. Tizilombo ta malungo timawaphulitsa nthawiyo isanakwane, n'chifukwa chake mwana wodwala malungo amayera m'manja msanga.

Kuti apangidwe atsopano pamafunika ayironi, yemwe amapezeka m'zakudya monga chiwindi, usipa, nyemba ndi bonongwe. Gwafa kapena malambe zimathandiza ayironi kulowa m'thupi, koma tiyi womwera chakudya amatchinga. Choyambitsacho, kaya malungo kaya njoka zam'mimba, chichiritsidwenso.