Njira ya wothandizira kochi mu mpira wa makoleji ku America: mafunso ndi mayankho

Mpira umene tikunena pano ndi uja wa ku America, wosongoka mbali zonse ziwiri, umene osewera ake amavala zisoti. M'mayunivesite akuluakulu a kumeneko masewerawa amadzaza mabwalo olowa anthu oposa 100,000, monga la Michigan ndi la Penn State. Amene amatchuka ndi kochi wamkulu, koma amene amasenza ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi omuthandizira, ndipo njira yawo inalembedwa m'malamulo.

Amayika malamulowa ndani, nanga othandizira amakhala angati pa timu?

Ndi bungwe la NCAA, limene limayang'anira masewera a m'makoleji ambiri. Gawo lapamwamba kwambiri la mpirawu limatchedwa FBS ndipo lili ndi matimu oposa 130. Kwa zaka zambiri timu iliyonse inkaloledwa othandizira 9 olembedwa ntchito mokhazikika, ndipo kuyambira mu January 2018 chiwerengerocho chinafika pa 10. Aliyense amapatsidwa kagulu kake ka osewera: wina oponya mpira, wina owakha, wina othamanga nawo, wina otchinga kumbuyo. Pamwamba pawo pamakhala akuluakulu awiri otchedwa coordinator, mmodzi wa mbali yofunafuna zigoli, winayo wa mbali yotchinga.

Kodi pamafunika laisensi ya ukochi?

Ayi. Amene tinazolowera za malaisensi a CAF tingadabwe, koma kumeneko kulibe pepala lotero. Mayunivesite ambiri amafuna digiri yoyamba, ndipo amene adzapita kukasaka osewera amayenera kuyamba waphunzitsidwa malamulo a NCAA okhudza ntchitoyo. Zina zonse zimadalira amene akukudziwa ndi kukukhulupirira. N'chifukwa chake mu January chaka chilichonse achinyamata ofuna ntchito amakhamukira ku msonkhano wa bungwe la makochi la AFCA, atanyamula makalata awo, kuti mwina akagwirane chanza ndi munthu woyenera.

Nanga munthu amalowera khomo liti?

Khomo lodziwika ndi udindo wa graduate assistant. Uyu ndi wophunzira digiri yachiwiri amene akuthandizanso ukochi, ndipo timu ya FBS imaloledwa kukhala nawo 4. Kale lamulo linkanena kuti munthuyo akhale kuti sizinathe zaka 7 chitengereni digiri yoyamba kapena chisiyireni kusewera, ndipo akhale pa udindowo zaka 2, mwina 3 ngati maphunziro akuyenda bwino. Sukulu imamulipirira fizi n'kumupatsa kandalama kochepa ka pamwezi.

Ntchito yake ndi imene ena safuna. Amadula ndi kusanja mavidiyo a timu imene akasewere nayo, amajambula makadi osonyeza kaseweredwe ka adaniwo, amayendetsa timu yoyeserera, amaonanso ngati osewera akulowa m'kalasi. Amafika m'bandakucha n'kuweruka pakati pa usiku. Komabe ambiri mwa makochi otchuka anadutsa pomwepa. Nick Saban anayambira pa udindowu ku Kent State mu 1973, pansi pa Don James. Dabo Swinney anayambira ku Alabama mu 1993.

Pali makomo enanso. Ena amayambira ku sukulu za sekondale, ena ku makoleji ang'onoang'ono a m'magawo apansi a NCAA otchedwa Division II ndi Division III, kumene munthu mmodzi amatha kukhala kochi, woyendetsa galimoto ya timu ndi wochapa mayunifomu. Kirby Smart anaphunzitsa ku Valdosta State mu 2000 ndi 2001, mpaka kufika poyang'anira mbali yonse yotchinga, kenako anavomera kutsika n'kukakhala graduate assistant ku Florida State kuti alowe m'gulu la matimu akuluakulu.

Tikumva za ma analyst. Amenewa ndi ndani, ndipo chinasintha n'chiyani mu 2024?

Popeza lamulo linkaletsa kupyola chiwerengero cha makochi, mayunivesite olemera anayamba kulemba anthu ena pansi pa dzina la analyst kapena quality control. Iwowa ankaloledwa kuonera mavidiyo ndi kulangiza makochi mu ofesi, koma osaphunzitsa wosewera pabwalo. Saban ku Alabama ndiye anaigwiritsa ntchito kwambiri njirayi, potola makochi akuluakulu amene achotsedwa ntchito kwina. Steve Sarkisian atachotsedwa ku yunivesite ya USC mu 2015 anakakhala analyst ku Alabama mu 2016, ndipo pofika 2021 anali kochi wamkulu ku Texas.

Mu June 2024 NCAA inachotsa chiletsocho, moti tsopano aliyense wa m'gulu la aphunzitsi angathe kuphunzitsa osewera pabwalo, pokonzekera ngakhalenso pa masewero enieni. Chimene sichinasinthe ndi chiwerengero cha ololedwa kutuluka pasukulu kukasaka osewera: anthu 11 mu FBS, kuphatikizapo kochi wamkulu, ndi 13 mu gawo lotsatira la FCS. Ine ndikuona kuti kusinthaku kunathandiza achinyamata, chifukwa munthu sangaphunzire ukochi atangokhala pa kompyuta. Koma kunakulitsanso mpata pakati pa sukulu zolemera, zimene zingalembe anthu ambirimbiri, ndi zosauka.

N'chifukwa chiyani kusaka osewera kukutchulidwa kawirikawiri chonchi?

Chifukwa apa ndiye pagona nkhani yonse. Wosewera wa ku koleji amakhalapo zaka zowerengeka n'kumapita, choncho chaka chilichonse timu imayenera kudzazidwanso. Wothandizira aliyense amapatsidwa dera lake, mwina kummwera kwa Georgia kapena mbali ina ya Texas. Amayendera sukulu za sekondale, amacheza ndi aphunzitsi a kumeneko, amaimba mafoni usiku, amakhala pabalaza la makolo n'kuwatsimikizira kuti mwana wawo adzasamalidwa. Munthu angathe kudziwa mpira kwambiri, koma ngati sabweretsa osewera abwino mpando wake sukhalitsa.

Masiku ano ntchitoyi yakula kawiri. Mu 2018 kunabwera transfer portal, kaundula amene wosewera amalembetsamo akafuna kusamukira sukulu ina. Kuyambira mu July 2021 osewera amaloledwa kupeza ndalama kudzera m'dzina ndi chithunzi chawo, ndipo kuyambira mu 2025 sukulu zimatha kuwalipira mwachindunji, mpaka ndalama pafupifupi madola 20.5 miliyoni pa sukulu iliyonse m'chaka choyamba. Choncho wothandizira amasaka ana atsopano uku akunyengerera amene ali nawo kale kuti asachoke.

Pali lamulo limodzi limene makochi a ku sekondale ayenera kulidziwa bwino. Kuyambira mu 2017, yunivesite siloledwa kulemba munthu amene ali pafupi ndi wosewera amene ikumufuna, kaya ndi mphunzitsi wake kapena wachibale, pa ntchito ya mu ofesi, m'zaka 2 mwanayo asanalowe ndi zaka 2 atalowa. Cholinga chake n'chakuti sukulu zisamagule mwana popatsa ntchito munthu wake.

Zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti munthu akwere?

Palibe nthawi yoikika. Saban anadutsa ku Syracuse, West Virginia, Ohio State, Navy, Michigan State ndi Houston Oilers (timu ya mu ligi yaikulu ya NFL, osati ya koleji) asanakhale kochi wamkulu ku Toledo mu 1990, patatha zaka 17. Smart anakhala ndi Saban ku Alabama kuyambira 2007 mpaka 2015 asanapatsidwe timu ya Georgia. Koma Joe Brady, amene mu 2016 anali graduate assistant ku Penn State, mu 2019 analandira mphoto ya Broyles Award ali ku yunivesite ya LSU, ali ndi zaka 30 zokha. Mphotoyi imaperekedwa kwa wothandizira wopambana onse kuyambira mu 1996.

Malipiro ake ndi otani?

Amasiyana modabwitsa. Mu 2018 LSU inapatsa Dave Aranda kontrakiti ya madola 10 miliyoni pa zaka 4, ali coordinator chabe. M'makoleji ang'onoang'ono muli othandizira amene amagwira ntchito ina yapadera kuti alipire lendi.

Kochi wamkulu akachotsedwa, omuthandizira zimawathera bwanji?

Nthawi zambiri amapita naye limodzi, ngakhale kagulu kawo kanachita bwino. Wobwera kumene amabwera ndi anthu ake. Makontrakiti a othandizira ambiri ndi a chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo kuchotsana kumachitika kumapeto kwa November ndi mu December, nthawi imene mabanja ena akukonzekera Khirisimasi. Ana amasintha sukulu, mkazi amasiya ntchito, nyumba imagulitsidwa mwachangu. Izi n'zimene wachinyamata wofuna ntchitoyi ayenera kukambirana ndi banja lake asanayambe, osati atalowa kale.

Swinney zinamuonekera. Kochi wamkulu Mike DuBose atachotsedwa ku Alabama mu 2000, Swinney nayenso ntchito inatha, ndipo anakhala zaka 2 akugwira ntchito ya malo ndi nyumba zamalonda. Anabwerera mu 2003 ngati wothandizira ku Clemson, anapatsidwa timuyo mogwirizira mu 2008, ndipo anadzatenga nayo chikho cha dziko lonse kawiri, mu nyengo za 2016 ndi 2018.

Nanga wophwanya malamulo amalangidwa bwanji?

Chilango choopedwa kwambiri chimatchedwa show-cause. Chimamutsata munthuyo kulikonse, moti sukulu ina ikafuna kumulemba m'zaka za chilangocho imayenera kutsatira ziletso zimene anapatsidwa kapena kukafotokoza pamaso pa NCAA chifukwa chake isatero. Sukulu zambiri zimangomupewa. Jeremy Pruitt, amene anakwera kuchokera ku sekondale mpaka kukhala kochi wamkulu ku Tennessee, anapatsidwa zaka 6 mu 2023 pa nkhani yopereka ndalama kwa osewera mosaloledwa. Connor Stalions wa ku Michigan anapatsidwa zaka 8 mu 2025 pa nkhani yotuma anthu kukajambula zizindikiro zimene makochi a matimu ena amalankhulira ndi osewera awo.

Kodi wothandizira aliyense amayenera kudzakhala kochi wamkulu?

Ayi, ndipo mipando yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu oifuna. Ena amasamukira ku ligi ya NFL, kumene kulibe ntchito yoyendera makolo. Ena amadikira nthawi yaitali, monga Brent Venables, amene anayamba ukochi mu 1993 n'kudzalandira timu yakeyake ya Oklahoma mu December 2021. Ndipo pali ena ngati Bud Foster, amene anafika ku Virginia Tech limodzi ndi kochi wamkulu Frank Beamer mu 1987, anatenga Broyles Award mu 2006, n'kupuma ntchito mu 2019 ali pasukulu yomweyo, akuyang'anirabe mbali yotchinga.