Plasma kapena LCD: mafunso amene mungadzifunse musanagule TV

Kwathu kuno TV iliyonse yopyapyala timangoitcha plasma. Munthu akati "ndagula plasma", nthawi zambiri wagula LCD. Dzinali linatikanirira pakamwa, koma likusokoneza anthu pogula, makamaka amene akufuna TV yogwiritsidwapo kale ntchito kapena amene akutumiziridwa ndi achibale a ku Joni ndi ku UK. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimawamva kawirikawiri.

Kodi plasma ndi LCD si chinthu chimodzi?

Ayi. Kunja zimafanana, koma mkati mwake ndi zosiyana kotheratu.

Sikirini ya plasma ndi magalasi awiri ophatikizana. Pakati pawo pali timabowo ting'onoting'ono tambirimbiri, ndipo kalikonse kali ndi mpweya wa neon ndi xenon. Magetsi akafika pa kabowo, mpweyawo umatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso, ndipo kuwalako kumayatsa mankhwala ofiira, obiriwira kapena abuluu amene anapakidwa m'kabowomo. Choncho kadontho kalikonse ka chithunzi kamayaka pakokha, ndipo pofunika pade kamangozirala. Luso limeneli analiyambitsa ndi Donald Bitzer ndi Gene Slottow pa yunivesite ya Illinois ku America mu 1964.

LCD siyaka yokha. Ili ndi nyali kumbuyo kwake zimene zimayaka nthawi yonse, ndipo kutsogolo kwa nyalizo kuli timadontho timene timatsegula ndi kutseka njira ya kuwala ngati makatani. Pofunika pade timatseka, koma kuwala pang'ono kumadutsabe. N'chifukwa chake mukazimitsa magetsi pabalaza, malo akuda a pa LCD amaoneka otuwa.

Nanga LED ndi mtundu wachitatu?

Ayi, LED ndi LCD yomweyo. Chinasintha ndi nyali za kumbuyo basi. Ma LCD akale anali ndi timachubu tounikira, chifukwa chake anali onenepa ndi otentherapo. Atsopanowa ali ndi tinyali ta LED, ndipo ndi opyapyala, opepuka, osadya magetsi ambiri. Wogulitsa akakuuzani kuti "iyi si LCD, ndi LED", musakangane naye, ingodziwani kuti akunena LCD ya nyali zatsopano.

Kodi plasma yatsopano ndingaipeze m'sitolo?

Simungaipeze, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Makampani akuluakulu anasiya kupanga plasma kalekale. Panasonic, imene inkatchuka ndi ma plasma abwino, inasiya kumayambiriro kwa 2014. Samsung ndi LG anasiyanso chakumapeto kwa chaka chomwecho. Pioneer inali itatuluka kale m'malonda a ma TV zaka zingapo m'mbuyomo. Ndiye plasma yeniyeni iliyonse imene mungaione lero yatha zaka zoposa khumi chiipangireni, ngakhale atakupatsani ili m'katoni yake, yopukutidwa bwino, limoti ili m'pulasitiki.

Funso lenileni tsono si la TV ziwiri zatsopano. Ndi ili: nditenge plasma yakale yaikulu imene akundigulitsa motchipa, kapena LED yaing'onopo? Plasma yaikulu yotchipa imakopa maso, ndikudziwa. Koma mtengo wa TV suthera pa tsiku logula.

Ndingadziwe bwanji kuti imene akundionetsayi ndi plasma?

Itembenuzeni muwerenge kapepala kakumbuyo. Pa Samsung, nambala yoyamba ndi PS kapena PN ndi plasma. Yoyamba ndi LA kapena LE ndi LCD yakale. Yoyamba ndi UA kapena UE ndi LED. Pa LG, chilembo chobwera pambuyo pa kukula kwa sikirini chikakhala P, monga 42P kapena 50P, ndi plasma.

Kapepalako kakakhala kofufutika, gwiritsani ntchito manja. Gogodani sikirini ndi chikhadabo: ya plasma ndi galasi lolimba ngati la zenera, pamene ya LCD yambiri ndi yofewerapo, ndipo mukaidina pang'ono ili yoyaka mumaona mitundu ikuyenda ngati madzi. Yesani kuinyamula, plasma ya mainchesi 42 imafuna anthu awiri. Ikayaka kwa theka la ola, ikani dzanja pamwamba pamene pali mabowo otulukira mpweya. Plasma imafunda ndithu. Komanso ikakhala yaing'ono, ya mainchesi 24 kapena 26, imeneyo si plasma, chifukwa ma plasma ambiri ankayambira pa mainchesi 42.

Chithunzi chokongola chili pa iti?

Usiku, m'chipinda chamdima, plasma yabwino imaposa LCD yotchipa, ndipo sindikuchita manyazi kunena zimenezi. Pakuda pamada zenizeni, khungu la munthu limaoneka monga lilili, ndipo mpira ukamaseweredwa mothamanga chithunzi sichisiya chimchira kumbuyo kwa osewera. Munthu amene wakhala m'mbali, pafupi ndi chitseko, amaona mitundu yofanana ndi amene wakhala pakatikati. Pa ma LCD ambiri, amene wakhala m'mbali amaona mitundu yotumbuluka.

Masana nkhani imatembenuka. Plasma siwala kwambiri ndipo galasi lake limanyezimira ngati kalilole. Pabalaza pamene pali zenera lalikulu loyang'anizana ndi TV, mumadziona nokha ndi makatani anu m'malo moona nkhani. LED imapirira dzuwa.

Onaninso kuti si plasma yonse imene ili ndi chithunzi chosalala. Ma plasma ambiri otchipa a mainchesi 42 anali ndi timadontho 1024 ndi 768, pamene chithunzi chosalala chotchedwa Full HD chili ndi timadontho 1920 ndi 1080. Ukulu wa sikirini pawokha sukuuzani kanthu.

Magetsi imadya bwanji?

Apa ndi pamene plasma imagonja, ndipo kwa ife amene timagula mayunitsi ndi nkhani yaikulu. Pa kapepala kakumbuyo kaja pali nambala yotha ndi W, imene imasonyeza mphamvu ya magetsi imene TV imadya. Plasma ya mainchesi 42 kapena 50 imatha kulembedwa 200 W, 300 W, ina kuposa apo. LED ya kukula komweko nthawi zambiri sifika 100 W.

Tiyerekeze kuti plasma ikudya 250 W ndipo imayaka maola asanu patsiku. Pamwezi ndi mayunitsi 37 ndi theka. LED yodya 60 W, maola omwewo, ndi mayunitsi 9. Pachaka kusiyanako kukuposa mayunitsi 300. Chulukitsani ndi mtengo wa yuniti muone ngati plasma ija inalidi yotchipa.

Amene muli pa sola, yankho ndi lachidule: plasma isiyeni. Batire ya 12 V ya 100 Ah imasunga mphamvu pafupifupi 1200 Wh, ndipo batire wamba sitiyenera kuikama kupitirira theka. Plasma ya 250 W itha thekalo m'maola osakwana awiri ndi theka, osawerengera zimene inveta imadya. Mpira wa mphindi 90 ndi nthawi yopumulira, thekalo latsala pang'ono kutha, ana sanawerenge. Pali ma LED aang'ono olumikizidwa mwachindunji ku 12 V popanda inveta. Kumudzi amenewo ndiwo oyenera.

Ndamva kuti plasma imapsa chithunzi. Zoona?

Zoona. Chinthu chikakhala malo amodzi pa sikirini maola ambiri tsiku ndi tsiku, monga chizindikiro cha siteshoni pakona kapena kabokosi ka zigoli, mankhwala a pamalopo amatha msanga kuposa ena, ndipo chithunzithunzi chake chimatsalira. China chimafufutika mukaonera zina kwa maola angapo, china ndi cha muyaya. Ma plasma omalizira anachepetsa vutoli koma sanalithetse. Amene ali ndi malo oonetsera mpira kapena malo omwera tiyi, kumene TV imakhala pa tchanelo chimodzi kuyambira m'mawa mpaka usiku, aganize kawiri, ngakhale kuti chithunzi cha plasma chimakoma kwa anthu okhala m'mbali.

Pogula yakale ndiyang'ane chiyani?

Musagule TV imene simunaione ikuyaka. Ikani pa fulashi zithunzi zitatu: choyera chokhachokha, chakuda chokhachokha, ndi cha nkhope ya munthu amene mumamudziwa. Pa choyeracho, plasma imaulula zizindikiro zimene zinapsera, ndipo LED imaonetsa zigamba zamdima kapena zabuluu pamene tinyali tatopa. Pa chakudacho muona timadontho tokanirira ndi kuwala kotayikira m'mbali. Mzere woongoka wochokera pamwamba kufika pansi ndi chizindikiro choipa pa mitundu yonse iwiri. Musamvere zoti "utha ikatentha". Tcherani khutu kumbuyo. Plasma imalira pang'ono mwachibadwa, koma kulirako kukamamveka muli pa mpando, isiyeni. Izimitseni, muiyatsenso katatu.

Ikawonongeka, yosavuta kukonza ndi iti?

LED. Vuto lake lofala ndi lakuti mawu akumveka koma chithunzi palibe. Unikani sikirini ndi tochi ya foni chapafupi: mukaona chithunzi chozimiririka, afa ndi tinyali ta kumbuyo, ndipo okonza ma TV amatisintha. Plasma ili ndi mabodi amagetsi amphamvu amene sakupangidwanso, ndiye wokonza amadalira kuphwasula plasma ina yakufa ya mtundu womwewo. Mutha kudikira miyezi. Sikirini ikasweka, kaya ndi plasma kaya LED, kukonza nthawi zambiri kumafika pa mtengo wa TV ina.

Chonde musatsegule plasma nokha. Mkati mwake mumatsala magetsi oopsa ngakhale mutaizula pakhoma. Ndipo TV iliyonse ikhale ndi kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu akazima n'kuyakanso.

Kodi TV yakale igwira matchanelo a dijito?

Pa mgwirizano wa ku Geneva wa 2006, mayiko a mu Africa ndi ku Ulaya anaika 17 June 2015 kukhala tsiku losamukira ku kanema wa dijito, ndipo Malawi, Zambia ndi mayiko ambiri a m'chigawo chino anasankha njira yotchedwa DVB-T2. TV imene yalembedwa DVB-T2 imatha kugwira matchanelo osatsekedwa ndi eriyo yokha. Ma plasma ndi ma LCD ambiri akale alibe zimenezi. Ena a ku UK ali ndi DVB-T yakale, yopanda 2 kumapeto. Si vuto lalikulu. Mukakhala ndi dikoda, kaya ya Kiliye Kiliye, GOtv, DStv kapena ina, TV imangokhala sikirini, ndipo chofunika ndi pobayira HDMI kapena mawaya atatu aja, lachikasu, loyera ndi lofiira. Yesani pobayira paliponse musanalipire.

Chenjerani ndi ma TV ochokera ku America ndi ku Japan. Ku America magetsi ndi 120 V, ku Japan 100 V, pamene athu ndi 230 V. Pakapanda kulembedwa 220-240 V kapena 100-240 V, kuibaya pakhoma ndi kuiotcha. A ku South Africa ndi a ku UK magetsi ake amagwirizana ndi athu.

M'bale wanga ku Joni akufuna kunditumizira plasma yake pa basi. Ndivomere?

Ngati ndi yaulere, ikuyaka bwino, ndipo nyumba yanu ili ndi magetsi a ESCOM, vomerani, muisangalale usiku. Koma muwauze kuti iyende choimirira, osaigoneka. Galasi la plasma ndi lalikulu ndi lolemera, ndipo likagona pakati pake palibe chochirikiza. Bampu imodzi ya pamsewu wa ku Tete ndi yokwanira kuling'alula. Aikulunge ndi bulangeti, aike makatoni olimba kutsogolo, alembe mbali ya pamwamba. Afunsenso mtengo wonyamulira ndi msonkho wa pachipata asanainyamule. Ndalama ziwirizo zikayandikira mtengo wa LED yatsopano ya mainchesi 32 kapena 43, ndi bwino aigulitse konko, akutumizireni ndalamazo mugule kuno, ndi risiti ndi galanti yake.