Ng'amba ya mu February ndi nthaka yosasunga madzi

Alimi akandifunsa ngati mvula ikuchepa, ine monga mlangizi wa zaulimi ndimawauza kuti ayang'ane kaye kagwedwe kake. Madzi amene ankagwa pang'onopang'ono mwezi wathunthu tsopano amakhuthuka masiku awiri, kenako kumwamba kumayera mbee milungu itatu.

Chimanga chimapirirako ludzu chikadali chaching'ono. Pomwe sichikhululuka ndi pamene chikumasula ngayaye ndi kutulutsa ndevu. Dzuwa likaswa mtengo masiku amenewo, ndevu zimachedwa kutuluka, mungu umauma usanagwire ntchito, ndipo chitsononkho chimangokhala ndi njere apa ndi apo. Mvula ikabwerera munda umabiriwira ndithu, koma njere zomwe sizidakhazikike sizibweranso. Ambiri tidaziona mu 2024, kusokonekera kwa nyengo kotchedwa El Niño kutadula mvula mu February. Pa 23 March Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 akhudzidwa ndi ngozi ya chilala. Apo n'kuti patangotha chaka namondwe Freddy atakokolola minda ku Phalombe, Mulanje, Chikwawa ndi Nsanje.

Chilala ndi madzi osefukira zimapweteka kwambiri munda umodzimodzi: wa nthaka yoguga. Khasu likamafika pamuyezo womwewo chaka ndi chaka, pansi pa mizere pamalimba ngati njerwa. Madzi salowa, mizu siboola. Tikatenthanso mapesi posaka mbewa, dothi limatsala lamaliseche. Zimandiwawa kuti pamisonkhano timatha tsiku lonse tikukangana za makuponi, chonsecho feteleza wothira pa dothi louma sapindulira mbewu.

Munda wophimbira mapesi, kapena wobzala m'maenje othira manyowa, umasunga chinyontho masiku angapo owonjezera, ndipo nthawi zina masiku amenewo ndiwo amapulumutsa ngayaye. Nandolo amazika mizu yakuya n'kusiya chonde. Mtengo wa nsangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, choncho sutchinga dzuwa ku chimanga. Mapira, chinangwa ndi mbatata zimapirira pomwe chimanga chagonja, ngakhale kwathu kuno munthu amati wagona ndi njala ngati sanadye nsima ya chimanga.

Chovuta n'chakuti mapesi woteteza si mlimi yekha. Mbuzi ndi ng'ombe zikamasulidwa mukangotha kukolola, kapena mnyamata akayatsa moto m'munda wa mnzake, ntchito yonse yapita. Nkhani imeneyi ifike kubwalo la a mfumu mu May, moto usanayambe.