Mapanga a Chongoni, komwe ana ankaphunzira sukulu isanabwere

Sukulu zikatsekera mu Julaye, ku Dedza kumakhala kukuzizirabe. Chimanga chalowa m'nkhokwe, m'minda mwangotsala mapesi, anyamata ali kalikiliki kukumba mbewa, tiana tikumanga timisasa ta masanje kuseri kwa mudzi. Nyengo imeneyi ndi yomwe mumaona mabanja a ku Lilongwe akupatuka mumsewu wa M1, ana atathithikana kumbuyo kwa galimoto, kulowera kumapiri a Chongoni kukaona zojambula za pamiyala. Amakwera phiri, amajambulitsa pafoni, amadya kamba wawo, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Ochepa chabe ndi omwe amadziwa kuti pomwe ayala chitenje chawo, ana ena ankakhalapo kale m'nyengo yomweyi ya chilimwe, koma osati kudzacheza.

Oyamba kujambula m'mapangamu sanali Achewa. Anali Akafula, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso, omwe ena amawatcha Abatwa. Agogo athu ankawatchula kuti Amwandionerapati. Amati ukakumana naye, ankafunsa kuti, "Mwandionera pati?" Wanzeru ankayankha kuti, "Ndakuonerani patali, uko kuphiri," chifukwa kunena kuti wamuonera pafupi kunali kumunyoza kuti ndi wamfupi, ndipo muvi sunkachedwa. Zojambula zawo ndi zofiira zija: mizere, madontho, tizinthu tozungulira tokhala ngati dzuwa. Zina zazimiririka moti umachita kutsinzinira kuti uzione. Mu 1972 katswiri wofukula zakale, J. Desmond Clark, adakumba pansi pa phanga la Mwana wa Chentcherere n'kupezamo zida zamiyala, umboni woti anthu ankagona mmenemo zaka zikwi zapitazo.

Zoyera zija ndiye zathu. Achewa adajambula ndi dothi loyera, akupaka ndi chala, nthawi zina pamwamba penipeni pa zofiira za Akafula. Zambiri zimaoneka ngati buluzi kapena ng'ona yotambasula miyendo, ngati chikopa choyanika padzuwa, ndipo zina zili ndi madontho thupi lonse. Izi zinali za amayi. Anamkungwi ankatengera anamwali kumalo obisika ngati amenewa, kutali ndi maso a amuna, ndipo chithunzi chilichonse chinali ndi mwambo wake ndi nyimbo yake. Mtsikana ankaloweza mwambo poyang'ana pathanthwe, monga momwe mdzukulu wake lero amayang'anira pabolodi. Tanthauzo lenileni la chithunzi chilichonse si la aliyense, ndipo amayi achikulire a m'midzi yozungulira mukawafunsa amangoseka n'kusintha nkhani.

Chinamwali chinkachitika anthu akakolola. Chifukwa chake n'chosavuta: chakudya chilipo, mowa ukhoza kufulidwa, kumunda kulibe ntchito, mvula palibe. Tchuthi chachitali cha sukulu lero chimagwera pamiyezi yomweyo, ndipo m'madera ambiri mafumu amalamula kuti zinamwali zizichitika ana akatsekera, kuti asajombe m'kalasi. Mkangano umenewu, woti mwana ndi wa kusukulu kapena wa kumwambo, si wa dzulo ayi.

Unayamba kalekale. M'zaka za m'ma 1800 Angoni a Maseko adafika m'dera lino n'kukhazikika cha kuphiri la Domwe, ndipo Achewa ambiri adathawira m'mapiri, n'kumabisala m'mapanga omwewa. Nkhondo zitatha kudabwera amishoni. A Dutch Reformed adamanga ku Nkhoma mu 1896, Akatolika ku Mua mu 1902, ndipo onse awiri, ngakhale sankamvana pa zambiri, adagwirizana pa chimodzi: Nyau ndi chinamwali n'zachikunja. Aphunzitsi ankadandaula kuti anyamata akuthawa sukulu kupita kudambwe. Eni mzinda nawo ankati sukulu ikuwabera ana. Pa nthawi yothinana imeneyi amuna a Nyau adajambula zilombo zawo pamiyala. Mukapita ku Namzeze mudzaona kasiyamaliro atajambulidwa ndi dothi loyera, ndi zilombo zina zomwe wolowa yekha ndiye angazitchule bwino. Zina mwa zojambulazi n'za m'zaka za m'ma 1900, si zakale monga momwe alendo amaganizira. Pali agogo m'midzi ya kumeneko omwe makolo awo adaziona zikujambulidwa.

Chodabwitsa n'chakuti boma la atsamunda, lomwe silinkasamala kwenikweni za zithunzizi, ndilo lidazitchinjiriza mosadziwa. Mu 1924 Chongoni idakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma. Anthu adaletsedwa kulima ndi kumanga m'katimo, mitengo ya masuku ndi mitsamba idaphimba mapanga, ndipo miyala idakhala pamthunzi. Koma lamulo lomwelo lidatalikitsa eni ake ndi malo awo. Phanga lomwe linali la anamkungwi lidasanduka la boma.

Mu 2006 bungwe la UNESCO lidaika Chongoni pamndandanda wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi. Malo okhala ndi zojambula ndi 127, omwazikana padera la masikweya kilomita pafupifupi 126. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 2005, bungwe lomweli linali litalemekeza kale Gule Wamkulu. Gule yemwe amishoni ankachotsera anthu mumpingo chifukwa chongomuonerera, ndiye adadzakopa azungu ena kubwera ndi makamera. Mwa malo onsewo, omwe alendo amafikako kawirikawiri ndi atatu: Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Chentcherere ndi yofikirika msanga, n'chifukwa chake ndi yomwe yazunzika kwambiri.

Ndidapitako ndi ana a mlongo wanga tchuthi china, ndipo choyamba kuona pathanthwe sichinali buluzi woyera ayi. Anali maina. Olembedwa ndi makala, ena ndi choko cha kusukulu, ena ochita kukanda ndi mwala: dzina la mnyamata, dzina la mtsikana, kamtima pakati, chaka pansi. Pena utsi wa moto wa osaka mbewa ndi abusa a mbuzi udadetsa denga. Wotiperekeza, bambo wa m'mudzi wapafupi, adati olemba ambiri ndi ana asukulu obwera pagulu, ndipo ena ndi a konkuno. Sanalankhule mokwiya. Adangoloza chithunzi china chomwe mwendo wake udaphimbika ndi chilembo chachikulu, n'kunena kuti agogo ake aakazi ankachidziwa dzina.

Mphwanga wamng'ono, wa sitandade 4, adafunsa kuti, "Amalume, nanga iwowa amene anajambula buluziyu sanadzudzulidwe?" Bambo aja adaseka mpaka kutsokomola, ndipo adatiuza kuti titsike mphepo ya madzulo isanayambe.