Kakwiyo ali pa nyama: chithunzi chabwino timachidziwa bwanji?

Mwa zithunzi za nyama zakutchire zomwe ojambula amabweretsa kuti ndiziunike, za kakwiyo akudya ndi zomwe zimanyenga maso kwambiri. Kukamwa kuli psuu ndi magazi, mano ali poyera, nswala ili kwala pansi, ndipo woona amagoma nthawi yomweyo. Koma magazi paokha sanena kanthu. Mkango nawo umathimbirira kukamwa ukamadya, fisi chimodzimodzi. Chomwe ndimafunafuna m'chithunzi ndi chimene chimasiyanitsa kadyedwe ka kakwiyo ndi ka zilombo zinzake, ndipo chimenecho ndi nkhawa.

Kuti mumvetse, yambani mwaidziwa nyamayo. Kakwiyo ndi uja wa thupi lowonda, miyendo yaitali ndi mizere iwiri yakuda yotsika kuchokera m'maso kukafika kukamwa. Amasaka dzuwa likuwala, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo. Akatswiri omwe anaveka akakwiyo makolala a GPS (malamba a m'khosi olondola komwe nyama ikupita) ku Botswana analengeza mu 2013 kuti liwiro lalikulu lomwe anayeza linali makilomita 93 pa ola. Liwiro limeneli limamudyera mphamvu zonse. Akagwetsa nyama amailuma pakhosi mpaka ibanike, amaikokera pamthunzi ngati ulipo, kenaka amakhala pansi n'kumapuma mwawefuwefu, nthawi zina mpaka theka la ola, asanalume ngakhale kamodzi. Akayamba kudya amayambira kawirikawiri ku ntchafu zakumbuyo, komwe kuli mnofu wambiri, ndipo amadya mothamanga. Sakweza nyama mumtengo ngati mmene achitira kambuku, ndipo akaisiya sizichitikachitika kuti aibwerere. Fisi mmodzi yekha amatha kumuthamangitsa. Ku Serengeti, m'dziko la Tanzania, ofufuza anapeza kuti pafupifupi nyama imodzi mwa khumi zomwe akakwiyo agwira imalandidwa ndi afisi kapena mikango, ndipo miimba ikayamba kutera imakhala ngati ikuitanira olandawo.

N'chifukwa chake kakwiyo sadya mutu uli pansi nthawi yaitali. Amaluma kangapo, n'kudzutsa mutu, n'kumwaza maso kutali, n'kubwereranso. Wojambula amene waidziwa nyamayi amadikira kamphindi kameneka. Chithunzi chomwe chimandigwira mtima chimakhala chotere: dzanja limodzi la kakwiyo lapondereza nthiti za nyamayo, khosi laongoka, makutu aloza kutsogolo, kadontho ka magazi kali lende pa ndevu za kukamwa, mimba yayamba kale kutukuka, koma maso ali kwina, kupyola udzu, komwe ife sitikuonako. Pamenepo woona amadzifunsa kuti kukubwera chiyani, ndipo chithunzicho chayamba kufotokoza nkhani. Zambiri zomwe ndimalandira zimaonetsa mutu utalowa m'mimba mwa nyama, maso osaoneka, msana wokha wa mawanga. Zotere ndi umboni chabe wakuti wojambulayo analipo.

Komwe masowo aloza ndi komwenso kumandiuza khalidwe la wojambula, ndipo apa ndi pomwe ndimachedwapo kuposa pena paliponse. Anthu ambiri amakonda chithunzi chomwe nyama yayang'ana mu kamera mwenimweni. N'zoona kuti chimakoka. Koma ndikaona kakwiyo ali pa nyama atatong'olera maso kwa wojambula, makutu atagona kumbuyo, mapewa atakwera, ndimafunsa chomwe chinachitika mphindi imodzi chithunzicho chisanajambulidwe. Kodi dalaivala analiza injini? Kodi wina anaimba likhweru kapena kumenya chitseko cha galimoto kuti nyamayo icheuke? Mphindi iliyonse yomwe kakwiyo akuyang'ana galimoto ndi mphindi yomwe sakudya komanso sakuyang'anira fisi. Magalimoto akamuzinga amamutchingira maso, ndipo kakwiyo wosokonezedwa amatha kuisiya nyama asanakhute.

Izi si zongoganizira. Mu 2018 katswiri wina, Femke Broekhuis, anafalitsa zomwe anapeza ku Maasai Mara m'dziko la Kenya: akakwiyo aakazi a m'madera odzaza alendo ankakulitsa ana 0.2 pa bere lililonse mukawerengera onse pamodzi, pomwe a m'madera a alendo ochepa ankakulitsa 2.3. Akakwiyo otsala m'tchire padziko lonse anawerengedwa kuti ndi pafupifupi 7,100 mu kafukufuku wa 2016. Nyama yochepa chonchi siyenera kugona ndi njala chifukwa munthu amafuna kuti maso ake awale bwino m'chithunzi. Choncho ndikaona matayala, mthunzi wa galimoto utagwera pa nyamayo, kapena chithunzi chojambulidwa ndi lenzi yaifupi koma nkhope itadzaza ponseponse, ndimamufunsa wojambulayo kuti anayandikira bwanji, ndipo yankho lake limalowa m'chigamulo changa. Lenzi ya mamilimita 400 mpaka 600 ilipo kuti munthu aime patali.

Tikabwera ku luso la kamera, cholakwika choyamba chimakhala msinkhu. Wojambula akaimirira n'kutulukira padenga la galimoto, kamera imayang'ana pansi, kakwiyo amaoneka wamng'ono, ndipo kumbuyo kwake kumangokhala dothi ndi udzu wopondedwa. Akatsikira pa zenera la m'munsi, kamera imayandikira msinkhu wa maso a nyamayo, zakumbuyo zimapita kutali n'kusungunuka, mutu n'kuonekera bwino. Chachiwiri ndi fokasi, pomwe kamera yalunjika kuti paoneke pakuthwa. Kakwiyo amadyera mu udzu, ndipo kamera imakonda kugwira kaudzu kamodzi kapatsogolo n'kusiya diso lili mbuu. Ndikakulitsa chithunzi pa kompyuta ndimapita pa diso lapafupi. Ngati silili lakuthwa, zina zonse sizingachipulumutse. Maso a kakwiyo amakhala mkati, pansi pa chipumi, ndiye dzuwa likafika paliwombo amangosanduka maenje awiri akuda. Dzuwa la m'mawa kapena la madzulo limalowa chammbali n'kuonetsa mtundu wawo wofiirira ngati uchi.

Pa liwiro la shata, kanthawi komwe kamera imatseguka kuti kuwala kulowe, ambiri amaganiza kuti poti kusaka kwatha atha kutsitsa. Koma mutu wa nyama yomwe ikung'amba mnofu umagwedezeka mwamphamvu, ndipo pansi pa 1/500 ya sekondi ndevu ndi kukamwa zimayamba kuchita chimbuuzi. 1/1000 imakupatsani mtendere. Akakhala akakwiyo angapo, monga amphongo apachibale omwe amayenda ndi kudya limodzi, kutsegula lenzi mpaka f/4 kumapangitsa mmodzi yekha kukhala wakuthwa. Kutseka pang'ono kufika f/8 kumathandiza kuti nkhope ziwiri kapena zitatu zioneke.

Mtundu wofiira uli ndi vuto lakelake. Pa kamera za digito, zofiira zowala zimafulumira kupsa, ndipo mnofu umasanduka chibanthu chofiira chopanda mizere. Ojambula ena amaonjezeranso kufiirako pokonza chithunzi, kufuna kuti chiopse. Zimadziwika msanga: udzu wouma umasanduka wa olenji, ubweya wa kakwiyo umaoneka ngati wopakidwa utoto. Magazi enieni akakhala pa ubweya kwa kanthawi amada, amapita ku bulauni, ndipo ntchentche zimakhala zafika kale. Zimenezo zisiyeni momwemo.

Za kuchuluka kwa matumbo ndi mabala m'chithunzi, ine sindikhulupirira zobisa. Nyama yafa kuti ina ikhale ndi moyo, ndipo chithunzi chonamizira kuti palibe imfa n'chabodza. Koma pali kusiyana pakati pa kuonetsa ndi kuonetsera. Mwendo wa nswala ndi ziboda zake, kapena nyanga itatulukira mu udzu, zimauza woona chomwe chagwidwa popanda kumuthamangitsa. Ndimakondwa wojambula akasiya nyama yogwidwayo kuti idziwike mtundu wake, chifukwa gazelle ya Thomson imatiuza kuti tili kum'mawa kwa Africa, pomwe springbok imatitengera ku Kgalagadi, kum'mwera kwa Africa, kapena ku Namibia.

Chinanso chomwe ojambula amataya ndi malo. Amadula chithunzi mpaka kutsala nkhope yokha, n'kutaya mpata wa kutsogolo kwa maso komwe nyamayo ikuyang'ana. Siyani danga mbali imeneyo. Nthawi zina chithunzi champhamvu kwambiri pa tsikulo ndi chotambalala: kakwiyo wamng'ono pakona, miimba itandandalika chapatali ikudikira, chigwa chili pululu popanda pobisala. Akakhala mayi ndi ana, yang'anirani mayiyo. Kawirikawiri anawo amakhala atamira m'kudya iye atakhala tsonga, akuyang'anira mbali zonse. Ku Serengeti kafukufuku wa zaka za m'ma 1990 anaonetsa kuti ana ambiri a akakwiyo, pafupifupi 95 mwa 100, ankafa asanayambe kudziimira paokha, ndipo ambiri mwa iwo ankaphedwa ndi mikango. Wodziwa zimenezi akaona khosi la mayiyo litaongoka chonchija amamvetsa chomwe akuona.

Mawu olembedwa pansi pa chithunzi nawonso ndimawaunika ngati gawo la ntchitoyo. Akakwiyo ambiri amasungidwa m'malo otchingidwa ndi mpanda komwe amaponyeredwa nyama, ndipo kujambula kumeneko si mlandu. Mlandu ndi kulemba kuti ndi zakutchire. Nyama yodulidwa ndi mpeni, yopanda chikopa, kapena waya wa mpanda wooneka mwachimbuuzi kumbuyo, zimaulula. Mpikisano wa Wildlife Photographer of the Year, womwe umayendetsedwa ndi Natural History Museum ku London, unalanda mphotho yaikulu ya 2009 oweruza atakhutira kuti mmbulu wa m'chithunzi chopambanacho unali woweta. Kakwiyo akakhala ndi kolala ya ofufuza, musaifute pa kompyuta n'kukhala chete. Lembani malo, nthawi ya tsiku, mtundu wa nyama yogwidwa, lenzi yomwe munagwiritsa ntchito, ndipo ngati munakhalapo mpaka kumapeto, nenaninso ngati kakwiyoyo anadya mpaka kukhuta kapena fisi anafika.